Sadaka ya Ababa Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene ababa anga anagwira ntchito ya filimu. Tinkakhala ku Bapong, kum'mawa kwa Rustenburg ku Joni, m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana. Chipinda chimodzi tinkagonamo tonse atatu, chinacho chinali shopu. Ababa, amene anthu ankawatcha Che Saidi, anali telala. Anachoka ku Mangochi ali mnyamata kukafuna ntchito ya mumgodi, koma chifuwa chinawakana, ndiye anagula makina opalasa ndi miyendo n'kuyamba kusoka zigamba pa maovololo a anzawo. Amama anawatsatira pambuyo pake, ine n'kubadwira komweko. Dziko la Malawi ndinkangolimva.

Ndinkalimva makamaka m'mawu a agogo anga, amayi awo a ababa, amene ndinatengera dzina lawo la Halima. Agogo sankadziwa kulemba, choncho ankajambulitsa mawu pa kaseti kwa mphunzitsi wa m'mudzimo n'kupatsira aliyense wopita ku Joni. Anali agogo a pakamwa, ndipo amama amati ine ndinatengera komweko. Kaseti inkayamba ndi milandu ya mbuzi za oyandikana nawo, kenako inkawatembenukira ababa. "Saidi, anthu akundiseka kuti ndinabala mtchona. Ine sindikukula, ndikutha. Bwera naye dzina langalo ndidzamuone." Ababa ankamvetsera atawerama, ine ndinkamvetsera nditatukumuka, chifukwa kunali munthu kutali uko amene ankandifuna ineyo ndi dzina.

Vuto linali lakuti mtchona sabwerera kwawo ali chimanjamanja. Munthu wakhala ku Joni zaka zonsezo, akatsike basi ndi kachikwama kokha? Bola asapite. Pankafunika mabulangete, nsalu za azakhali, nsapato za ana a achimwene awo, njinga imodzi pamwamba pa basi, kuwonjezera pa matikiti a anthu atatu. Ababa anali atasungako kangachepe, ndipo ankadalira miyezi yomaliza ya chaka, imene ndi nthawi yokolola kwa telala. Atswana amachita maukwati awo nthawi imeneyo, makolo amasoketsa mayunifolomu, ndipo amuna a m'migodi amafuna madiresi okapatsa akazi awo kumudzi. "Chaka chino, Mulungu akalola, tikwera basi," anatero ababa. Ababa sankalonjeza chisawawa, ndiye ine ndinalengeza kusukulu konse.

Lachisanu lina pochokera ku mzikiti anabwera ndi mlendo. Anali bambo wonenepa bwino, wovala jekete lachikopa kunja kukutentha ngati kung'anjo, magalasi akuda ali pamphumi. Dzina lake anali Che Bwanali, wa ku Mangochi komweko, mudzi wake woyandikana ndi wa ababa, koma ankakhala ku Jubeki ndipo ankafuna kuti tizimutcha Dairekita. Anati akupanga filimu ya moyo wa anthu a m'migodi. Dziko lamasuka tsopano, anatero, munthu wakuda ayenera kudzisimbira yekha nkhani zake. Ndalama zinali zochepa, sanabise, koma filimu ikatha idzagulidwa m'makaseti pa masiteshoni onse a matekisi, mwina mpaka pa wailesi ya kanema. Ankafuna womusokera zovala: maovololo, mayunifolomu a apolisi a mgodi, diresi la mkwatibwi.

Ine ndinali pansi pa tebulo lodulira nsalu kutola mapini, ndiye ndinamva zonse ndi makutu angawa.

"Nanga mtengo wanu, achimwene?" anafunsa Che Bwanali.

Ababa anaseka kuseka kwa manyazi n'kuyang'ana kumbali. "Aa, Che Bwanali, ine ndi inu tikambe mitengo? Mudzaona nokha."

Amene sanakulire pakati pa anthu akwathu asaganize kuti ababa anali wopusa. Akabwera Mxhosa kapena Msutu, ababa ankatchula mtengo osaphethira, mpaka ndalama ya ulusi. Koma kwa munthu wakwanu, wopemphera naye mzere umodzi, kutchula mtengo kunali ngati kumuyesa mlendo. Unkati "mudzaona nokha," ndipo sizinkatanthauza ulere ayi. Zinkatanthauza kuti ndakusenzetsa ulemu, uone thukuta langa, undipatse moyenera, mwinanso kuposa. Onse ankadziwa zimenezi, ndipo Che Bwanali ankazidziwa kuposa aliyense. Anagwira dzanja la ababa ndi manja awiri n'kunena kuti, "Filimu ikangotha, basi ya ku Mangochi ndidzakukwezani ine, banja lonse, ndi katundu pamwamba."

Mlendo atapita, amama anafunsa funso limodzi lokha. "Bambo a Halima, mwagwirizana zingati?"

"Ndi munthu wakwathu," anayankha ababa.

"Sindinafunse kwawo," anatero amama, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Ntchito inayamba, ndipo inali ntchito yeniyeni, osati masewera. Filimu ya ndalama zochepa imadya anthu a kuseri kwa kamera, ndipo anthuwo analipo owerengeka. Panali a Molefe, Mtswana wa m'tauni, mwini kamera. Panali Zuze, mnyamata wa ku Tete, amene ankanyamula maikolofoni yomangirira ku mtengo wa mopu wokolopera, manja ali m'mwamba tsiku lonse mpaka kuchita dzanzi. Amama ankaphikira gulu lonse. Ababa anasoka zovala zonse, ndipo nsalu zake anagula ndi ndalama zija ankasungira ulendo, chifukwa Dairekita anati zonse zidzabwerera pamodzi. Atatha kusoka maovololo atsopano, osalala bwino, Che Bwanali anati akuoneka atsopano kwambiri. Ndinawaona ababa akuwakwekweza m'fumbi lakuda la pa mulu wa zotayidwa za mgodi, akupekesa mawondo ake ndi mwala, nkhope ili ngati akumenya mwana wawo.

Kusoka kutatha, ntchito sinathe. Popeza analipo kale, Che Saidi anakhala wonyamula mawaya, wokoka jenereta, wogwira lata lowalitsira dzuwa kumaso kwa ochita sewero, wothamangitsa agalu ndi ana. Ankajambula ku Seraleng, pakati pa tinyumba ta malata, kumene mphepo inkabweretsa fungo la malasha ndi la zimbudzi, ndipo tsiku lina anapita ku Cashan kukajambula geti la nyumba ya mzungu. Ababa ankachoka m'mawa, n'kubwera madzulo ali mbuu, milomo itang'aluka. Shopu inali yotseka. Makasitomala ankabwera ndi nsalu zawo m'mapepala, kugogoda, kudikira, n'kupita kwa telala wina wa ku Mozambiki kutsidya kwa msewu. Mayi wina amene mwana wake ankakwatiwa anadzalanda nsalu yake akutukwana m'Chitswana mpaka nkhuku zinathawa. Ine zonsezi sizinkandikhudza. Ndinali mwana wa munthu wa filimu, ndipo ndinkayenda chothimbwidzika.

Loweruka ndinkapita nawo, ndipo n'kumene ndinaona khalidwe la a Molefe. M'mawa uliwonse ankafika, kuika chikwama cha kamera pansi, n'kuchikhalira. Ankayatsa fodya. Dzuwa likwere, ochita sewero adandaule, Dairekita alumbire, iwo osadzuka mpaka ndalama ya tsikulo italowa m'thumba la malaya awo. Ababa zinkawanyansa. "Anthu a kuno alibe manyazi," ankatero pobwerera. "Munthu kukhalira kamera ngati nkhuku yofungatira." Tsiku lina pa nkhomaliro a Molefe anawafunsa ababa m'Chifanakalo chija cha m'migodi kuti, "Madala, inu amakupatsani zingati?" Ababa anayankha monyadira kuti Dairekita ndi m'bale wawo. A Molefe anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ine pa ntchito ndilibe m'bale." Ababa anadzaibwereza nkhaniyi kunyumba ngati nthabwala, koma amama sanaseke.

Kujambula kunatha Disembala atalowa kale. Che Bwanali anapita ku Jubeki kukalumikiza zithunzi, n'kunena kuti abwera posachedwa. Migodi inatseka, mabasi anadzadza, anthu a ku Malawi anapita ndi njinga zawo pamwamba. Ine ndinkaima pamsewu kuwaonerera mpaka fumbi litatha. Amama anati ababa akaimbe foni ku sitolo ya mmwenye, koma ababa anakana. "Munthu wamkulu sakumbutsidwa," anatero. Khirisimasi inadutsa, chaka chinatembenuka, sukulu zinatsegulidwa. Anzanga anandifunsa kuti ku Malawi kunali bwanji, ndipo mmodzi ndinamung'amba kolala.

Che Bwanali anatulukira mvula ili pafupi kutha, akuyendetsa kagalimoto kotsegula kumbuyo, kumene anali asanakhale nako. Analengeza kuti Lamulungu masana filimu idzaonetsedwa mu holo ya m'dera lathu. Ababa anasita malaya awo oyera, amama anavala chitenje chatsopano, ine ndinkadziwa kuti lero ndi lero. Pakhomo tinapeza mnyamata wosatidziwa atagwira chitini. Ababa anamuuza kuti ndi Che Saidi, amene anasoka zovala. Mnyamatayo anati Dairekita wanena kuti aliyense alipire. Kumbuyo kwathu kunali mzere wa anthu. Ababa anapisa m'thumba n'kulipirira anthu atatu. Mazenera a holoyo anali otchingidwa ndi nsalu zakuda zimene anapenderera ababa omwewo.

Chowawa n'chakuti filimuyo inali yabwino. Ndikanakonda ndikananena kuti inali yachabechabe, koma ayi. Amuna amene ankatsika pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku anadziona okha pa kanema, ena anaseka mpaka kutsokomola, azimayi analira pamene mkazi wa m'seweromo ankalandira nsapato za mwamuna wake popanda mwamunayo. Ine sindinkaona anthu, ndinkaona zovala. Chigamba chilichonse ndinkachidziwa. Ndinkagwedeza amama kuti, "Onani diresi lija!" iwo n'kundikankha ndi chigongono.

Itatha, Che Bwanali anaima kutsogolo, anthu akuimba mluzu. Anathokoza ochita sewero, anathokoza a Molefe. Kenako anati, "Che Saidi, bwerani kuno." Ababa anadzuka akukonza kolala. Ine ndinaimirira kuti ndione bwino envulopu ya malipiro ikamatuluka. Che Bwanali anakweza dzanja la ababa m'mwamba.

"Abale anga, taonani munthu uyu. Ndinamufunsa mtengo, anakana kutchula. Anatseka shopu yake, anagula nsalu ndi ndalama zake, akazi ake anatiphikira. Zonsezi anachita sadaka, chifukwa cha Mulungu, kuti nkhani ya anthu ovutika imveke. Anthu otere atsala ochepa. A Shehe, muli pano, mupemphereni munthu ameneyu."

A Shehe, nkhalamba yabwino imene sinkadziwa kanthu, anaimirira n'kutambasula manja. Amuna onse akwathu anatambasula awo. Anapempha kuti Mulungu alandire sadaka ya Che Saidi, awabwezere kumwamba mowirikiza. Holo yonse inayankha kuti amina, ndipo amene sanali Asilamu anawomba m'manja.

Ngakhale ndinali mwana, ndinamva kuti chitseko chatsekedwa. Sadaka ndi chinthu chimene wapereka kwa Mulungu. Sichibwezedwa, sichilondoledwa. A Shehe atachipempherera pamaso pa anthu, ungapite mawa kukati ndipatseni ndalama zanga? Dzina lako lingathere pomwepo, kuyambira ku Bapong mpaka ku Mangochi. Che Bwanali sanakane ngongole, sanathawe, sanatukwane. Anangoitenga n'kuipereka kwa Mulungu m'dzina la ababa, iwo ataima pomwepo. Ndipo ababa anamwetulira. Kumwetulira kumeneko ndimakuonabe mpaka lero.

Ndinakwera pa benchi. "Bodza!" ndinakuwa. "Si sadaka! Munati mudzatikweza basi ya ku Mangochi! Ndinalipo ine, ndinali pansi pa tebulo!"

Wina anaseka, ndipo kuseka kunafalikira. Ababa anadutsa pakati pa mabenchi, anandigwira pamkono n'kunditulutsa panja. Kuseri kwa holo anandiwomba mbama. Anali asanandimenyepo chibadwire. "Ukufuna anthu aziti Saidi analondola sadaka yake?" anatero. Anandibweza mkati, n'kundigwaditsa pamaso pa Che Bwanali kuti ndipepese. Bamboyo anandisisita pamutu n'kunena kuti, "Ana obadwira ku Joni ndi choncho, achimwene, musadandaule." Anandipatsa switi. Ndinakaiponya m'ngalande.

Zuze yekha ndiye anadziwa chochita. Iye za sadaka sankazidziwa. Anthu ali mkati mwa kupatsana moni, anapita pa kagalimoto ka Che Bwanali, kumasula maikolofoni ija ku mtengo wa mopu, kuiika m'jekete, n'kukwera tekisi. Sitinamuonenso.

Kunena zoona, Che Bwanali ndinamuda, koma amene anandipweteka kwambiri anali ababa. Wakuba ndi wakuba. Koma munthu amene anandilonjeza basi, amene ankadziwa kuti ndanena zoona, ndiye anandimenya n'kundigwaditsa pamaso pa wakubayo. Ndinasiya kuwalankhula kupatula moni. Iwo anabwerera pa makina, makasitomala ena anabwerera, ena ayi. Kaseti ya filimu ija inkagulitsidwa pa siteshoni ya matekisi, ndipo ababa ankadutsa pamenepo atayang'ana kutsidya. Anayambanso kusunga, ndipo ankauza amama kuti chaka chamawa.

M'nyengo yozizira kunabwera mwana wa kusitolo kudzanena kuti kuli foni ya Che Saidi. Ababa anapita, ndipo pobwera sanalowe kuchipinda. Anakhala pa makina, mapazi ali pa chopalasira, osapalasa. Agogo anali atamwalira. Kwathu maliro sagona, choncho pamene uthenga unkatipeza n'kuti ataikidwa kale.

Pa arobaini, mapemphero a masiku makumi anayi, anthu akwathu anadzaza bwalo la mayi wa lendi uja. Tinaphika mpunga ndi mbuzi. Che Bwanali anabwera, atavala mkanjo woyera mbee, n'kukhala pa mkeka wa akuluakulu. Ine ndi amene ndinkathirira alendo madzi osamba m'manja, ndipo ndinamuthirira nayenso. Anadya bwino. Potsanzika anagwira dzanja la ababa ndi manja awiri, monga anachitira tsiku loyamba, n'kunena kuti, "Pepani, achimwene. Koma inunso, bwanji simunanene kuti amayi akudwala? Mukananena, tikanaona chochita."

"Zikomo," anatero ababa.

Anthu atabalalika, tikutsuka mbale, ababa anandiitana ku shopu. Anandikhazika pa mpando wa makasitomala, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala nthawi akupukuta makina amene anali oyera kale.

"Halima, tsiku lija unanena zoona," anatero. "Ndinakumenya chifukwa unanena zimene ine, munthu wamkulu wa ndevu, ndinalephera kunena. Amayi anga ndawataya chifukwa cha manyazi." Anapukuta maso ndi kansalu ka mafuta kamene ankapukutira makinawo. "Ukadzakula, ntchito ya manja ako uzitchula mtengo wake ndi pakamwa pako, ntchito isanayambe. Ngakhale wobwerayo ndikhale ine."

Lero ndine telala ku Limbe, ndipo nthawi zina kumabwera achinyamata opanga mafilimu. Amafika ndi maso owala ndi mawu okoma. "Anti, ndalama ndi zochepa, koma dzina lanu lidzaoneka kumapeto." Sindiwanyoza, chifukwa ndikudziwa kuti filimu ya osauka imapangidwa movutika, ndipo ambiri a iwo si akuba. Ndimawauza kuti ngati ndi zochepa, tchulani kuchepa kwakeko, tigwirizane lero. Ndimawafunsanso kuti wonyamula mawaya mwamuuza zingati, wophika mwamuuza zingati. Ena amabwerera n'kukanena kuti mayi uja ndi wouma mtima, sadziwa chibale. Anene. Ndikafuna kupereka sadaka ndimapereka, ndipo ndimapereka ndithu, koma amene amanena kuti iyi ndi sadaka ndine, osati amene akudya thukuta langa.

Chimene ndinadzamvetsa nditakula n'chakuti munthu ukamumana malipiro, sudziwa chimene wamulanda. Che Bwanali mwina amaganiza kuti anapulumutsa timakobiri ta nsalu ndi ta mpunga. Ku Mangochi ndinafikako ndili mayi wa mwana mmodzi. Azakhali ananditengera kumanda, kundionetsa kamulu ka dothi komera udzu, n'kundiuza zimene m'makaseti munalibe. Chaka chomalizacho agogo anachita khungu. Kuyambira Disembala uja ankakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo kamtsikana kalikonse kakalowa pabwalo, kaya kadzapala moto, kaya kadzabwereka sefa, ankakaitana, kukagwira kumaso ndi manja awiri, n'kufunsa kuti, "Ndiwe Halima?"